Kalata kwa osunga kaundula wa madokotala ndi anamwino: likasa silithera m'chipinda cha mayeso

Kwa akuluakulu a Medical Council of Malawi, a Nurses and Midwives Council of Malawi, ndi atsogoleri a sukulu zonse zosula madokotala, ma clinical officer, anamwino ndi azamba,

Zikomo mabwana ndi madona. Ine ndine mzamba, ndinapuma pa ntchito, ndipo zaka zanga zotsiriza ndinkayang'anira ophunzira m'mawodi. Sindinabwere kudzaloza munthu chala. Ndalemba poyera chifukwa nkhani ya kubera mayeso pakati pa ophunzira za chipatala timaikamba monong'ona, pa tiyi ndi m'makhonde a mawodi, pomwe mwini nkhani weniweni, yemwe ndi wodwala, sakhalapo n'komwe.

Munthu akafuna mmisiri womumangira nyumba amafunsafunsa kaye, amapita kukaona makoma omwe mmisiriyo anaimikapo. Wodwala mwayi umenewo alibe. Mayi amene wafika pa chipatala cha boma pakati pa usiku, wochokera ku health centre, magazi akutayika, amalandiridwa ndi yemwe ali pa ntchito usiku umenewo basi. Sangafunse kuti kodi achimwene, mayeso a uzamba munakhoza bwanji. Gadiyani wake, yemwe wanyamula chitenje ndi beseni, sangafunsenso. Chomwe onse awiri akudalira n'chakuti ku Lilongwe kuli anthu omwe anamuyesa munthu ameneyu, anakhutira naye, n'kumulemba m'kaundula. Anthu amenewo ndinu. Ndipo m'maboma mwathu maopareshoni ambiri a amayi oyembekezera amachita ndi ma clinical officer, kawirikawiri popanda dokotala wamkulu pafupi woti n'kumuitana zikavuta. Kwathu kuno chiphaso n'cholemera kuposa kumaiko komwe wongoyamba ntchito amakhala ndi akuluakulu atatu kumbuyo kwake.

Ndiyambe ndi zomwe zinagwera anzathu a ku Nepal, chifukwa kubera komwe kunapezeka kumeneko ndi kuja ambiri a ife sitikuwerengera kuti ndi kubera. Dokotala aliyense wofuna kukagwira ntchito ku America amayenera kukhoza mayeso a USMLE. Ali m'magawo atatu, amalembedwa pa kompyuta, ndipo magawo awiri oyamba munthu atha kulembera m'maiko ambiri kunja kwa America. Kumapeto kwa Januwale 2024 eni mayesowo analengeza kuti afafaniza zotsatira za gulu la olemba okhudzana ndi dziko la Nepal. Nkhani itafika ku khothi ku Washington zinadziwika kuti anthu ake anali 832. Sikuti anawagwira ndi kapepala m'sokosi. Sikuti wina anathyola loko ya ofesi. Zomwe zinkachitika n'zakuti munthu akatuluka m'chipinda cha mayeso ankalemba mafunso omwe wawakumbukira n'kuwaponya m'magulu a pa foni, makamaka pa Telegram. Ena ankawasonkhanitsa n'kuikamo mayankho. Mulu unakula chaka ndi chaka, mpaka wolowa mawa ankapeza kuti mafunso ambiri pa kompyutapo ndi anzake akale.

Chinawagwira si woyang'anira mayeso woyendayenda pakati pa madesiki. Chinawagwira ndi masamu. Kompyuta imasunga nthawi yomwe munthu watha pa funso lililonse. Funso lalitali, lofotokoza zaka za wodwala, zomwe akudandaula, zotsatira za ku labu, lomwe ngakhale wophunzira wanzeru amaliwerenga modekha, anthu ena ankaliyankha molondola m'kanthawi kochepa modabwitsa. Chinanso, mayankho awo ankafanana mpaka pa zolakwa. Anthu awiri oona mtima amafanana pa yankho lolondola, izo n'zachidziwikire, koma polakwa aliyense amalakwa mwa njira yake. Anthu ambiri akamalakwa mofanana pa mafunso omwewo ndiye kuti anamwa pa chitsime chimodzi. Woweruza anakana kubwezeretsa zotsatirazo pomwe mlandu unali m'kati. Ena mwa anthuwo anali atayamba kale maphunziro a ukatswiri m'zipatala za ku America, ndipo anauzidwa kuti akalembenso.

Tsopano ndikufunseni mabwana. Mwa ife amene tinaphunzitsapo, ndani sadziwa za mafunso omwe kalasi imasiyira kalasi yobwera pambuyo? Kale anali m'kope lothothoka zikuto lomwe linkayenda m'mahositelo. Pano ali pa WhatsApp. Past paper yomwe sukulu yatulutsa yokha ilibe vuto, ndi njira yabwino yokonzekera. Vuto limabwera pomwe mphunzitsi, wotopa, wokhala ndi kalasi ya anthu ochuluka ndiponso wodi yomudikira, watenga mafunso a chaka chatha n'kungosintha deti pamwamba. Ophunzira amadziwana okhaokha kuti bwana uje sasintha. Pamenepo wakuba ndani? Mwana amene waloweza mayankho a mafunso omwe ife tamubwerezera sanabe kanthu, koma sanaphunzirenso kanthu, ndipo malikisi ake akunama mofanana ndi a wolowa ndi likasa. Kulemba funso labwino, loyesa kuganiza osati kuloweza, ndi ntchito ya maola, ndipo ntchito imeneyi kawirikawiri sailipira aliyense. Muilipire. Kamuzu University of Health Sciences, Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a zipatala za mishoni a CHAM akanati aziponya mafunso m'nkhokwe imodzi yaikulu yosungidwa ndi inu, funso likagwira ntchito n'kulipumitsa zaka zingapo, kope la m'hositelo likanatha mphamvu lokha.

Ndipo musati ife timalemba pa pepala, masamu a ku America sangatithandize. Nthawi ya pa funso simungaiyeze, zoona. Koma mayankho osankha a anthu mazana angapo atha kulowetsedwa m'kompyuta ya mu ofesi, munthu mmodzi wodziwa masamu n'kuona omwe zolakwa zawo zikufanana, n'kuyerekeza ndi momwe anakhalira m'chipinda. Sukulu yomwe zaka zonse imakhoza mwapakatikati ikangodumpha chaka chimodzi n'kukhoza yonse, osathamangira kuiyamikira pa wailesi. Yambani mwaonanso mapepala.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Anamwino athu ambiri maso ali ku Britain, ndipo kuti alowe m'kaundula wa kumeneko amayamba ndi mayeso a pa kompyuta otchedwa CBT, omwe amalembera m'malo oyendetsedwa m'dzina la kampani ya Pearson VUE. Mu 2023 bungwe la anamwino la ku Britain, NMC, linapeza kuti pa malo amodzi olembera mayesowa, a Yunnik Technologies mumzinda wa Ibadan ku Nigeria, anthu ankamaliza mayeso mwachangu chosatheka. Kafukufuku analoza kuti panali anthu olembera anzawo. Bungwelo linati anthu 48 omwe anali kale m'kaundula, ndi ena 669 omwe ankafunsira kulowa, ayenera kuti zotsatira zawo anazipeza mwachinyengo. Koma taonani zomwe zinachitikira osalakwa. Zotsatira za aliyense amene analembera pa malo amenewo zinafafanizidwa, ndipo ngakhale yemwe anawerenga usiku wonse ndi nyali yake anauzidwa kukalembanso. Kuwonjezera apo anamwino ena ochokera ku Africa kuno anayamba kuyang'anidwa ndi diso lina m'mawodi a kumeneko. Mwana wathu akamapita kunja amanyamula kalata yotsimikiza yochokera kwa inu. Tsiku lomwe dzina la mayeso athu lidzade, kalata imeneyo idzapepuka m'manja mwa onse, akuba ndi oona mtima omwe.

Ku India nkhani yake ndi yaikulu kuposa, ndipo ikuonetsa komwe madzi amadonthera. Pa 5 Meyi 2024 ophunzira oposa 2 miliyoni analemba mayeso olowera sukulu za udokotala otchedwa NEET. Zotsatira zitatuluka pa 4 Juni, anthu 67 anali atakhoza zonse, 720 pa 720, chinthu chomwe chinadzidzimutsa dziko lonse. Zina zinachokera ku malikisi ongowonjezera omwe anapatsidwa kwa ophunzira 1,563, ndipo zotsatira zitakonzedwanso okhoza zonse anatsala 17. Koma panalinso kubedwa kwenikweni kwa pepala ku Hazaribagh ndi ku Patna. Pakati pa omangidwa panali mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya ku Hazaribagh, yemwe anali atapatsidwa udindo woyang'anira mayesowo mumzindamo. Panalinso ophunzira udokotala a m'sukulu zotchuka, oganiziridwa kuti ndiwo ankayankha mafunso obedwawo kuti ogula angoloweza. Mkulu wa bungwe loyendetsa mayeso anachotsedwa pa mpando. Khothi lalikulu la dzikolo pa 23 Julayi linakana kufafaniza mayeso onse, ponena kuti omwe anapindula ndi pepala lobedwa anali pafupifupi 155.

Zaka khumi m'mbuyo mwake, m'chigawo cha Madhya Pradesh, kunaphulika nkhani ya Vyapam, bungwe loyendetsa mayeso kumeneko, mu 2013. Kumeneko ankalemba ganyu wophunzira wanzeru n'kukonza manambala a mipando kuti akhale kutsogolo ngati injini, ogula akhale kumbuyo kwake ngati mabogi, azingoonera. Ena ankasiya pepala la mayankho lopanda kanthu, anthu a mu ofesi n'kudzalidzaza pambuyo. Manambala a mipando sakonza ndi wophunzira, mabwana. Mu Febuluwale 2017 khothi lalikulu linafafaniza malo a ophunzira udokotala 634, ambiri atamaliza kale zaka za maphunziro awo.

Ife sitiyenera kupita ku India kuti timvetse izi. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala anali atayenda kale m'mafoni, ndipo ana athu analembanso mu Januwale 2021. Mwana wa Folomu 4 alibe kiyi wa komwe kumasungidwa mapepala. Ena mwa ana amene anaona zimenezo ndi maso awo pano ali m'makoleji a za umoyo, ena amaliza. Anaphunzira kale kuti pepala limagulika. Mukamalemba malamulo a mayeso, masamba ambiri mumathera pa wophunzira: asalowe ndi foni, asalowe ndi jekete, akagwidwa achotsedwe. Masamba a wolemba mafunso, wotayipa, wosindikiza, wonyamula envelopu, wolowetsa malikisi m'kompyuta ali kuti? Ndi anthu angati amaona pepala lisanafike m'chipinda, ndipo mayina awo amalembedwa pati? Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo n'chifukwa chake milandu yambiri imathera pa mwana wogwidwa ndi kapepala, wamkulu amene anamugulitsa n'kumapitiriza kudya.

Komabe mtima wanga suli kwenikweni pa pepala. Mu Januwale 2023 boma la America linaulula kuti sukulu zitatu za unamwino ku Florida zinagulitsa madipuloma abodza oposa 7,600 kwa anthu omwe sanachite maphunzirowo. Pafupifupi 2,400 mwa iwo anapita kukalemba mayeso a chiphaso n'kukhoza. Munthu atha kukhoza mayeso a pa pepala asanagwirepo dzanja la wodwala. Chomwe chimatsimikiza kuti anagwirapo ndi logbook, buku lomwe wophunzira amalembamo ntchito zomwe wachita m'wodi n'kusayinitsa, ndipo likasa lalikulu la ntchito yathu lili mmenemo.

Ndikufotokozereni momwe zimakhalira Lachisanu lomaliza la ophunzira pa wodi ya amayi, pa chipatala china chomwe sindichitchula. Sisita ali yekha. Mabedi adzaza, ena agona pansi, wina akubuula ku labour ward. Pakhomo pa ofesi pali mzere wa ophunzira, aliyense logbook m'manja, basi ya sukulu ibwera masana. Sisita akutenga buku, akuliika pa trolley ya mankhwala, akusayina tsamba ndi tsamba osawerenga, maso ali ku bedi lachitatu komwe dripi yatsala pang'ono kutha. M'mabukumo mwalembedwa kuti wophunzira anabereketsa yekha, pomwe anaima kumbuyo kwa anzake asanu n'kusuzumira pa phewa. Mwana mmodzi wobadwa Lachitatu usiku akupezeka m'mabuku anayi, ndipo m'buku lililonse mwini bukulo ndiye anamulandira. Kusoka, kuika kanula, kuthandiza khanda lomwe labadwa losapuma, zonse zasayinidwa. Sisitayo si munthu woipa. Akawakaniza ana aja sakalemba mayeso, ndipo nthawi yoti akanaima ndi aliyense payekha analibe chiyambire tsiku loyamba.

Chizolowezi chimenechi sichitsala ku sukulu. Wophunzira amene wazolowera kulemba zomwe sanachite amadzalemba BP yomwe sanayeze. Ndaonapo tchati cha wodi yonse, bedi loyamba mpaka lomaliza, aliyense 120/80, ngati anabadwa kwa mayi mmodzi. Ndaonapo partograph, tchati cholondolera momwe kubereka kukuyendera, yodzazidwa bwinobwino, mizere yoongoka, mwana atabadwa kale, kuti pepala lioneke lokwanira m'mawa akamadutsa akuluakulu. Pakati pa amayi olembedwa 120/80 aja pamakhala mmodzi yemwe BP yake yeniyeni ndi 160/110, mutu ukumuwawa, maso akuchita chidima, wofunika magnesium sulphate asanayambe kukomoka. Akakomoka timati zangochitika mwadzidzidzi. Sizinachitike mwadzidzidzi. Zinalembedwa pa tchati kuti kulibe.

Chimodzimodzi masamu a mankhwala. Mwana wa makilogalamu 8 wabwera ndi malungo aakulu, akufunika artesunate. Kwa mwana wosafika makilogalamu 20 mlingo ndi 3 mg pa kilogalamu iliyonse, kutanthauza 24 mg. Kenako uyenera kudziwa kuti ukasungunula ufa wa m'botolo, 24 mg imeneyo ndi mamililita angati m'sirinji. Ndi masamu a ku pulayimale, koma amachitika 2 koloko usiku, tochi ya foni ili pakamwa, mayi a mwana akulira pambali. Amene anadutsa pepala la masamu a mankhwala poonera kwa mnzake, usiku umenewo mnzakeyo palibe.

Logbook ingathe kukonzedwa, ndipo sizifuna ndalama za donor. Pomwe wophunzira walemba kuti anabereketsa, alembenso nambala ya mayiyo ya m'kaundula wa maternity, tsiku ndi ola. Wosayina alembe dzina lake lomveka ndi nambala yake ya ku Council, osati kachizindikiro kokhotakhota. Inu mukapita kukayendera sukulu musathere mu ofesi ya principal ndi ku laibulale. Tolani mabuku khumi mwachisawawa, mupite nawo ku wodi, mutsegule kaundula, muone ngati zikugwirizana. Mukachita zimenezi kawiri kokha mbiri idzayenda yokha m'makoleji onse. Koma ndinene mosabisa kuti muzu wake suli pa sisita kapena pa wophunzira. Muzu wake ndi kuchuluka kwa ophunzira poyerekeza ndi mabedi ndi aphunzitsi a m'wodi. Sukulu zingapo zimatumiza ana pa chipatala chimodzi nthawi imodzi, chifukwa wophunzira aliyense wowonjezera ndi fizi yowonjezera. Ngati wodi imabereketsa amayi ochepa kuposa omwe mabuku a ophunzira onse akufuna, ndiye kuti bodza talilamula ndife tisanayambe n'komwe. Inu ndi amene mumavomereza sukulu. Muli ndi mphamvu yonena kuti chaka chino mutenga ochuluka chonchi basi, kufikira mutationetsa komwe akaphunzirire ndi yemwe akaime nawo. Ndikudziwa kuti dziko likusowa anamwino ndi madokotala, ndipo andale amakonda manambala aakulu pa tsiku la graduation. Koma kusowa kwa anthu sikuchizika posindikiza ziphaso.

Za OSCE, mayeso aja omwe wophunzira amayenda siteshoni ndi siteshoni kuonetsa luso lake pamaso pa woyesa, ndingonena mwachidule, popeza ndi mayeso abwino, oyesa manja ndi pakamwa osati kuloweza kokha. Kufooka kwake n'kumodzi: gulu la m'mawa likatuluka, gulu la masana limadziwa masiteshoni onse nsima isanapse. Otuluka asungidwe m'chipinda china opanda mafoni mpaka omaliza atalowa, ndipo oyesa achokere ku sukulu ina, asakhale amene adya ndi ana omwewo zaka zitatu. Za ChatGPT ndi ma assignment musataye nazo tulo kwambiri. Mwana akabweretsa case study yosalala ngati ya pulofesa, mutengereni pa bedi la wodwala yemwe walemba za iye, mumufunse mafunso atatu. Mphindi khumi zikwana.

Pali mbali ina yomwe akuluakulu sakonda kuimva. Ana ambiri amene amabera si mbava zobadwa. Ndi ana anzeru, omwe anakhoza bwino MSCE, omwe mudzi wonse unayamba kuwatchula adokotala tsiku lomwe mayina anatuluka. Bambo anagulitsa ng'ombe, mlongo anasiya sukulu, loni ya boma imabwera mochedwa ndipo sikwana. Mwana wotere akamva kuti akalephera sapu, mayeso obwereza aja, achotsedwa sukulu, saona mayeso ayi, amaona ulendo wobwerera kumudzi ndi chikwama pamutu. Izi sizimuchotsera mlandu. Koma sukulu yomwe njira yake yokha yothandizira wofooka ndi kumuopseza imadzikolera yokha likasa. Payenera kukhala njira yoti wolephera abwereze chaka mwaulemu, athandizidwe, osati kunyozedwa pa bolodi.

Ndiye pali aphunzitsi ena, ochepa koma alipo, omwe malikisi anawasandutsa chikwapu kapena malonda. Mtsikana amauzidwa kuti abwere ku ofesi madzulo akambirane za pepala lake. Mnyamata amene anafunsa funso lovuta m'kalasi amapezeka walephera ndi malikisi awiri. Ophunzira akaona kuti kukhoza sikudalira kuwerenga kokha, chikumbumtima chawo pa kubera chimafa. Mapepala azilembedwa nambala osati dzina. Wolephera akhale ndi ufulu woona pepala lake ndi kupempha kuti lichongedwenso ndi munthu wina, popanda kuopa kuti mawa akumana ndi mphunzitsi yemweyo pa viva, mayeso a pakamwa.

Amene amadziwa zonse ndi ophunzira anzawo. Amadziwa amene amalowa ndi foni yachiwiri, amadziwa mphunzitsi amene amagulitsa, amadziwa mtengo wake. Sanena chifukwa woulula amatchedwa kazitape, amasalidwa ku hositelo, ndipo kawirikawiri dzina lake limafika kwa woneneredwayo dzuwa lisanalowe. Ku Madhya Pradesh ena mwa omwe anaulula za Vyapam anachita kupatsidwa apolisi owalondera. Ife tisadikire kufika pamenepo. Pakhale khomo lokanenera lomwe silidutsa ku sukulu ya mwanayo, lofika kwa inu mwachindunji, ndipo wonena aziona kuti china chake chachitika. Khomo lomwe anthu amagogoda koma osayankhidwa amasiya kuligogoda.

Wogwidwa naye nkhani yake isamathere pa geti la sukulu. Zimachitika kuti mwana wachotsedwa pa koleji ina chifukwa cha likasa, chaka chamawa ali pa koleji ina, yunifolomu yatsopano, mbiri yoyera. Sindikunena kuti wolakwa kamodzi aphedwe mpaka kale. Mwana wa chaka choyamba wogwidwa ndi kapepala atha kulangidwa, n'kubwerera, n'kudzakhala namwino wabwino. Koma inu osunga kaundula muyenera kudziwa, kuti akadzachitanso kachiwiri musadzati n'koyamba. Ndipo wolembera mnzake mayeso, wogula pepala, wopeka siginecha ya sisita, ameneyo mlandu wake ndi wina, chifukwa anakhala pansi n'kukonza. Wantchito wolembedwa kale m'kaundula amene wagulitsa mafunso kapena kusayinira ndalama, chiphaso chake chikhale pa tebulo pomwepo, monga momwe chimakhalira akalakwira wodwala. Dziko la India lili ndi lamulo la 2024 lomwe limapereka zaka zitatu mpaka zisanu kundende kwa wochita chinyengo pa mayeso a boma, ndi zisanu mpaka khumi kwa magulu ochita ngati bizinesi. Kaya ife tifuna lamulo lotero kaya ayi, aphungu akambirane. Mphamvu yochotsa munthu m'kaundula muli nayo kale.

Pempho langa lomaliza ndi lomwe lingakuvuteni kwambiri, chifukwa limakhudza ulemu wa masukulu. Chaka chilichonse tulutsani poyera, m'nyuzipepala ndi pa intaneti, momwe sukulu iliyonse yakhozera pa mayeso a chiphaso, milandu ya kubera yomwe yanenedwa, ingati inakhudza ophunzira, ingati inakhudza ogwira ntchito, ndi momwe inathera. Mayina a ana musatchule, manambala okha akwana. Kholo lomwe likugulitsa ng'ombe lili ndi ufulu wodziwa komwe likutumiza mwana. Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, kotero mtolankhani atha kudzakufunsani manambala amenewa tsiku lina lililonse. Kuli bwino muwatulutse nokha asanafunse. Sukulu ikadzalemba kuti chaka chonse sinapeze mlandu ngakhale umodzi, imeneyo ndiyo muyambe kuiyendera, mabuku khumi aja m'manja.

Ine wanu,

Mzamba wopuma pa ntchito